Kumwamba, Gehena ndi Chikoka cha Woipa m'Nkhani

Mwa mafunso amene akhala akuzunguza aphunzitsi a chipembedzo ndi akatswiri a zolembalemba kwa zaka mazana ambiri, pali limodzi limene limaoneka lopepuka koma mpaka lero silinathe kuyankhidwa, ndipo ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu amene analeredwa m'chiphunzitso cha kulakalaka kumwamba ndi kuopa Gehena, akatsegula buku kapena akakhala pansi kuonera kanema, amakopeka kwambiri ndi mpangankhani woipa kuposa wolungama. Mpangankhani ndi munthu, mzimu kapena nyama imene mlembi waipatsa mbali yoti ichite m'nkhani yake, ndipo woipa amene akunenedwa pano ndi uja amene amasankha dala kunama, kupha, kupereka anzake kapena kuukira Mulungu, koma n'kukhala iye yemweyo amene owerenga amatsala akumukumbukira nkhani ikatha. Mlaliki akhoza kufulumira kutseka mlanduwu ndi mwambi wa chikomekome cha mkuyu, koma mwambiwo umangochenjeza za nyerere zimene zili m'kati, sufotokoza chimene chimachititsa kuti kunja kukome, ndiponso sunena ngati munthu amene wachita kaso ndi woipa wa m'nkhani wachimwa kapena ayi. Kuti funsoli limveke bwino, pakufunika kuyambira pa mbiri ya Gehena ndi ya Satana, pakuti zithunzi ziwirizi sizinabadwe tsiku limodzi, ndipo sizinabadwe zili zokhwima kale.

M'mabuku akale kwambiri a Chipangano Chakale mulibe malo a moto olangirako ochimwa. Akufa onse, olungama ndi osalungama omwe, ankatsikira ku Sheol, dziko lamdima ndi lachete la pansi, ndipo ngakhale Yakobo, polira mwana wake Yosefe, ankayembekezera kutsikira komweko. Ganizo lakuti akufa adzauka n'kugawidwa pawiri, ena ku moyo wosatha ena ku manyazi osatha, limaonekera momveka bwino m'chaputala 12 cha buku la Danieli, limene akatswiri ambiri amati linamalizidwa cha m'ma 165 Khristu asanabadwe, pa nthawi imene mfumu Antiochus IV inkazunza Ayuda okana kusiya chilamulo chawo. Nthawi imeneyi n'njofunika kuisunga m'mutu, chifukwa ikusonyeza kuti chiphunzitso cha chiweruzo chinakula pakati pa anthu amene ankaona olungama akuphedwa pamene owazunza akukalamba mwamtendere, motero poyamba chinali yankho la kulira kofuna chilungamo, chisanasanduke chida choopsezera ana. Gehena payokha inali malo enieni, chigwa cha Hinomu cha kumwera kwa Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase anatentherako ana awo nsembe, kumene Yosiya anakudetsa dala kuti mchitidwewo uthe, ndiponso kumene Yeremiya analosera kuti kudzadzala mitembo.

Mbiri ya Satana nayo inayenda njira yofanana. M'buku la Yobu iye ndi mmodzi wa amene amafika pa bwalo la kumwamba, ndipo ntchito yake ndi ya woneneza, amene akukayikira ngati kupembedza kwa Yobu kuli kochokera pansi pa mtima kapena n'kongofuna madalitso. Sachita kanthu popanda chilolezo, ndipo machaputala awiri oyamba akatha satchulidwanso. Kusintha kwa maganizo kumaoneka poyerekeza malo awiri onena nkhani imodzi, pakuti pa 2 Samueli 24 ndi mkwiyo wa Yehova umene ukuutsa Davide kuti awerenge anthu ake, pamene pa 1 Mbiri 21, buku lolembedwa pambuyo pake, ntchito yomweyo yaikidwa m'manja mwa Satana. Akatswiri ena amati Ayuda anatengerako zina ku chipembedzo cha Zoroaster cha ku Persia, chimene chinkaphunzitsa za nkhondo ya mzimu wabwino ndi mzimu woipa, ngakhale kuti anzawo ena amati kutengerako kunali kochepa. Chosakayikitsa n'chakuti pofika nthawi ya Chipangano Chatsopano Satana anali atasanduka mdani weniweni, woyesa Yesu m'chipululu, ndipo olemba a pambuyo pake anamulukira mbiri yathunthu polumikiza njoka ya m'munda wa Edeni, nyimbo yonyoza mfumu ya ku Babulo ya pa Yesaya 14, ndi chinjoka cha m'buku la Chivumbulutso. Baibulo lenilenilo limamupatsa mawu ochepa kwambiri. Satana wolankhula mwaluso, wonyada ndi wodzimvera chisoni, amene anthu ambiri amamuganizira lero, anaumbidwa makamaka ndi alakatuli.

Ngakhale pa za chimene Gehena ili, okhulupirira sanamangepo chimodzi. Origen wa ku Alexandria, amene anamwalira cha m'ma 253, ankaganiza kuti moto wake ndi woyeretsa, kotero kuti pamapeto pake zolengedwa zidzabwerera kwa Mlengi wawo, koma maganizo otere anatsutsidwa ku Constantinople mu 543 ndi mu 553. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anateteza chilango chosatha m'buku la 21 la ntchito yake yaikulu yonena za mzinda wa Mulungu, ndipo maganizo ake ndi amene anapambana m'mipingo ya kumadzulo. Mpingo wa Seventh-day Adventist ndi Mboni za Yehova, amene ali ndi anthu ambiri m'Malawi ndi m'Zambia, amaphunzitsa kuti oipa sadzapsa mpaka muyaya koma adzawonongedwa n'kutheratu, pamene Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amafotokoza Gehena makamaka ngati kudzipatula kwa munthu mwini wake kwa Mulungu, kosabwereranso. Chisilamu chili ndi Jannah, munda wa mitsinje ndi mithunzi, ndi Jahannam, moto wa zipata zisanu ndi ziwiri.

Pa kusiyana konseku pali chinthu chimodzi chimene chimabwerezabwereza, ndicho chakuti chilango chimafotokozeka mosavuta pamene chimwemwe chosatha chimasowetsa mawu. Ululu uli ndi mitundu yambiri imene munthu aliyense amaidziwa pa thupi lake, monga ludzu, kutentha, manyazi ndi kusungulumwa, n'chifukwa chake fanizo la mwini chuma ndi Lazaro la pa Luka 16 limakhazikika m'mutu ndi pempho lija la kadontho ka madzi pa lilime. Kumwamba kwa Akhristu kumafotokozedwa kawirikawiri potchula zimene kulibe, imfa, misozi, usiku ndi temberero, ndipo olemba akayesa kutchula zimene kuli amagwira golide ndi miyala ya mtengo wapatali, zinthu zimene zimawala koma sizichita kanthu. Gwero la vutoli lili m'chikhalidwe cha nkhani yeniyeniyo. Nkhani imayenda chifukwa wina akusowa chinthu, akuchifuna, ndipo pali chomutchinga. Kumwamba, malinga ndi chiphunzitso, ndi malo amene kusowa kwatha, motero ndi kumene nkhani imakathera, ndipo mlembi amene wafikako amapeza kuti zida zake zonse zatha ntchito.

Umboni waukulu wa zimenezi ndi ndakatulo yaitali ya Dante Alighieri, mlakatuli wa ku Florence amene anapirikitsidwa kwawo mu 1302 ndipo anamwalira ku Ravenna mu 1321. Ndakatuloyi, imene imadziwika kuti Divina Commedia, ili ndi nyimbo 100 zogawidwa patatu: 34 za Gehena, 33 za Purigatoriyo, malo amene Akatolika amakhulupirira kuti mizimu imayeretsedwako isanalowe kumwamba, ndi 33 za Paradizo. Dante anaika luso lake lozama kwambiri m'gawo lomaliza, komabe owerenga wamba ambiri amalekera pa gawo loyamba, ndipo anthu a m'ndakatuloyi amene amatchulidwa kawirikawiri ndi otayika. Pali Francesca wa ku Rimini, amene anaphedwa ndi mwamuna wake atamupeza ndi mlamu wake. Pali Ulysses, amene anakopa anzake ndi mawu okoma kuti akafere pa nyanja yosadziwika pofuna kudziwa zimene munthu sanaloledwe. Palinso Ugolino, amene anafa ndi njala pamodzi ndi ana ake atatsekeredwa m'nsanja ku Pisa, ndipo ku Gehena akuteketa mutu wa bishopu amene anamupereka. Francesca akamaliza kufotokoza za chikondi chake, mlendo wa m'ndakatuloyo, amene ndi Dante mwini, amakomoka ndi chisoni, ndipo apa mlembi akuvomera poyera kuti munthu angathe kumvera chifundo amene chiphunzitso chake chamuweruza kale.

Chodabwitsa n'chakuti Satana wa Dante alibe chikoka chilichonse. Pansi penipeni pa magawo asanu ndi anayi a Gehena palibe moto koma madzi oundana, ndipo m'menemo ndi mmene Satana wakanirira mpaka pachifuwa, ali ndi nkhope zitatu, akutafuna Yudasi, Brutus ndi Cassius, misozi ili chuchuchu, osanena liwu ndi limodzi lomwe. Ochimwa aja amakopa chifukwa akadali anthu, ali ndi mbiri, chikondi ndi madandaulo, pamene choipa chikavulidwa umunthu wonse chimatsala chinthu chozizira ndi chosalankhula. Ndi bwinonso kukumbukira kuti Dante anadzaza Gehena yake ndi anthu a mumzinda wake ndi adani ake a ndale, mpaka kukonzeratu malo a Papa Boniface VIII, amene m'chaka cha 1300, chimene ulendo wa m'ndakatuloyo ukuchitikira, anali akadali moyo.

John Milton wa ku England anasankha njira ina. Iye anali wa gulu limene linagonjetsa Mfumu Charles I n'kuidula mutu mu 1649, analemba mabuku oteteza kuphedwa kwa mfumuyo, ndipo ufumu utabwezeretsedwa mu 1660 anapezeka ali wakhungu, wogonja, atapulumukira m'kamwa mwa mbuzi pamene anzake ena ankanyongedwa. Ndakatulo yake ya Paradise Lost, yosindikizidwa mu 1667 ndi kukonzedwanso kukhala mabuku 12 mu 1674, inalembedwa ndi cholinga choikira kumbuyo chilungamo cha Mulungu pa kugwa kwa munthu, koma woyamba kulankhula m'menemo ndi Satana, atangogwa kumene, akudzutsa asilikali ake ogonja pa nyanja ya moto ndi mawu okana kugonja amene aliyense amene anaponderezedwapo amawamva mpaka m'mafupa. Mulungu salankhula kufikira buku lachitatu, ndipo akayamba, amamveka ngati woweruza amene akulongosola chifukwa chake mlandu si wake.

Apa ndi pamene panabuka mkangano umene sunathe. William Blake, cha m'ma 1790, ananena kuti Milton ankalemba momasuka za ziwanda koma momangika za angelo chifukwa, monga mlakatuli weniweni, anali ku mbali ya Mdyerekezi osadziwa. Percy Shelley anafika potamanda Satanayo kuti pa kupirira amaposa Mulungu wa m'ndakatuloyo. Ndipo William Empson, mu 1961, anazenga mlandu Mulungu wa Milton mwiniyo. C. S. Lewis, mu 1942, anali atayankha kale kuti owerenga otere amalekera pa mabuku awiri oyamba, pakuti amene wapitiriza amaona Satana akutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa mkulu wa nkhondo kukhala kazitape, kenako chule wonong'oneza m'khutu la Hava ali m'tulo, ndipo pomaliza, atabwerera ku Gehena kukayembekezera kuomberedwa m'manja, n'kusanduka njoka yosatha kutulutsa mawu. Lewis anawonjezera mfundo yolemera, yakuti woipa n'ngosavuta kulemba chifukwa mlembi amangomasula zilakolako zimene amazimanga tsiku ndi tsiku mwa iye yekha, pamene kulemba munthu wabwino kuposa mlembiyo kumafuna kudziwa kumene iye sanafikeko. Stanley Fish, mu 1967, analumikiza mbali ziwirizi ponena kuti Milton anachita dala, kuti wowerenga akopeke, kenako adzigwire yekha atakopeka, ndipo potero alawe mmene kugwa kwa Adamu kunachitikira. Mwa maganizo onsewa, a Fish ndi amene amalemekeza ndakatulo pamodzi ndi chikhulupiriro cha mlembi wake, ngakhale kuti ali ndi chilema chakuti n'ngovuta kuwatsutsa, pakuti chilichonse chimene chingaoneke ngati kulephera kwa mlembi iwo amachitcha msampha wotchera dala.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso m'Chisilamu, ndipo zinayamba kalekale Milton asanabadwe. Korani imanena kuti Iblis, amene ndi Satana wa m'Chisilamu, anakana kugwadira Adamu ponena kuti iye analengedwa ndi moto pamene Adamu ndi wadothi, ndipo Asilamu ambiri amaona apa kudzikuza koyamba. Koma ena mwa Asufi, amene ndi Asilamu ofuna kudziwa Mulungu kudzera m'chikondi ndi kudzikana, monga al-Hallaj amene anaphedwa ku Baghdad mu 922, anaona Iblis ngati wopembedza watsoka amene anakana kugwadira wina aliyense kupatula Mulungu, n'kulandira temberero chifukwa cha kukhulupirika kwake kouma. Zikusonyeza kuti mtima wofuna kumvetsa wopandukayo suchokera kwa osakhulupirira okha, koma umabadwanso m'kati mwa chipembedzo, pakati pa anthu opemphera kwambiri.

Akatswiri a zaumulungu ali ndi yankho lawo pa chikokachi, ndipo linayambira kwa Augustine, amene anaphunzitsa kuti choipa si cholengedwa chokhala pachokha, koma ndi kuchepa kapena kuwonongeka kwa chabwino. Ngati zili choncho, ndiye kuti zimene anthu amasirira mwa woipa, nzeru, kulimba mtima, kulankhula kokoma ndi kupirira, ndi zabwino zimene iye wazikhotetsera ku cholinga cholakwika, ndipo wosirirayo sakusirira choipa chenichenicho. Ndi ochepa amene amachita kaso ndi Satana wa Milton chifukwa cha njiru yake pa Adamu ndi Hava; chimene chimawakoka ndi kusagonja kwake. Simone Weil, woganiza mozama wa ku France amene anamwalira mu 1943, analemba kuti choipa cha m'nkhani zopeka chimakhala chokoma ndi chosinthasintha pamene choipa chenicheni n'chouma ndi chotopetsa, ndipo kuti chabwino chimachita mosemphana ndi zimenezi. Hannah Arendt, amene anakamvera mlandu wa Adolf Eichmann ku Yerusalemu mu 1961, ankayembekezera kuona chilombo mwa munthu amene anakonza maulendo a sitima zonyamula Ayuda kupita kokaphedwa, koma m'buku lake la 1963 anafotokoza kalaliki wa boma wolankhula mawu ongoloweza. Ofufuza a pambuyo pake, monga Bettina Stangneth, asonyeza kuti Eichmann ankadana ndi Ayuda kwambiri kuposa mmene Arendt anaganizira, komabe mfundo yakuti wakupha weniweni alibe ulemerero wa Satana wa m'ndakatulo sinagwe. Fyodor Dostoevsky anali atazindikira kale zimenezi, pakuti Mdyerekezi amene amachezera Ivan Karamazov m'buku lake la 1880 ndi bambo wosauka wa zovala zakutha, wodandaula za nyamakazi.

Palinso zifukwa za luso la kalembedwe zimene sizifuna chiphunzitso chilichonse. Woipa ndiye amayambitsa zochitika, pamene wolungama nthawi zambiri amangoyankha zimene zamugwera, ndipo maso a munthu amatsata amene akuyenda. Woipa amaululanso zinsinsi zake, monga Richard III ndi Iago a m'masewero a William Shakespeare, amene amatembenukira kwa oonera n'kuwauza chiwembu chisanachitike, kotero kuti oonerawo amasanduka osunga chinsinsi, odziwa zimene ena onse a m'seweromo sakuzidziwa, ndipo kudziwa kotere n'kokoma ngakhale kwa munthu wofatsa. Mchitidwewu Shakespeare anautengera ku masewero ophunzitsa chikhalidwe cha Chikhristu a m'mbuyo mwake, mmene mpangankhani woimira tchimo ndiye ankaseketsa anthu. Makanema anangolandira mwambo umenewu n'kuukulitsa: Anthony Hopkins analandira mphoto ya Oscar posewera Hannibal Lecter, dokotala wodya anthu, m'kanema wa 1991, ndipo mbali ya Joker yapezetsa mphoto yomweyo anthu awiri, Heath Ledger pa kanema wa 2008 ndi Joaquin Phoenix pa wa 2019. Woipa wokoka kwambiri ndi amene dandaulo lake ndi loona koma njira yake ndiyo yolakwika, monga Killmonger wa m'kanema wa Black Panther wa 2018, amene mkwiyo wake pa ukapolo ndi utsamunda oonera ambiri anaumvetsa ngakhale kuti sanavomereze nkhondo imene ankafuna kuyambitsa.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu afika pa mfundo yosatalikirana ndi zimenezi. Rebecca Krause ndi Derek Rucker a ku Northwestern University anasindikiza kafukufuku mu 2020 wosonyeza kuti anthu amakopeka ndi oipa a m'nkhani amene akufanana nawo pa khalidwe lina, pamene kufananitsidwa ndi woipa weniweni amakuthawa, chifukwa nkhani yopeka imapatsa munthu mpata woyang'ana mbali yamdima ya mtima wake popanda kudziona kuti waipa. Augustine yemwe uja, pokumbukira unyamata wake ku Carthage, anali atadabwa kale kuti n'chifukwa chiyani munthu amakonda kulira m'nyumba ya zisudzo pa zinthu zimene sangafune kuti zimugwere.

Pamenepa ntchito ya Gehena m'nkhani imaonekera, ndipo ndi yosiyana ndi imene alaliki ambiri amaiganizira. Chilango chodikira kumapeto chimasanduka chilolezo, pakuti woonera amene akudziwa kuti woipayo adzalipira amamasuka kusangalala naye njira yonse. Malamulo a makanema a ku Hollywood otchedwa Hays Code, amene anakhwimitsidwa mu 1934 ndi kuthetsedwa mu 1968, ankalamula kuti chifundo cha oonera chisakankhidwire kwa chigawenga, ndipo chotsatira chake chinali makanema ambiri mmene chigawenga chimadyerera nkhani yonse n'kufa m'mphindi zomaliza. Kanema wa ku Nigeria wa 1992 wotchedwa Living in Bondage, amene ambiri amati ndiye anatsegula msika wa makanema a m'dzikomo, amayenda motero: Andy apereka mkazi wake nsembe kuti alemere, oonera adya naye m'maso magalimoto ndi nyumba, mzimu wa mkaziyo umuzunza mpaka kupenga, ndipo pomaliza opemphera amulanditsa. Birgit Meyer, amene anafufuza Chikhristu cha anthu a mtundu wa Ewe ku Ghana, anasonyeza m'buku lake la 1999 kuti mipingo yolankhula kwambiri za Mdyerekezi imapatsa anthu njira yopitirizira kukamba za mizimu yakale pa nthawi yomweyo imene akuikana. Mabuku oyambirira a m'zinenero za kuno, osindikizidwa pa mishoni, anakumana ndi vuto lomweli. Chaka, buku la Thomas Mofolo la m'Sesotho, limajambula mfumu imene ikugula ulamuliro ndi magazi a Noliwa, mkazi amene imamukonda, potsata malangizo a sing'anga Isanusi, ndipo linatuluka pa mishoni ya Morija mu 1925 patapita zaka zoposa khumi chilembedwere, mwa zina chifukwa amishoni ena ankalikayikira. Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la 1933, limathera pa kutembenuka mtima kwa mwini nkhani, koma mphamvu yake yaikulu ili m'masamba onena za unyamata wake wakuba, wabodza ndi woyendayenda.

Umboni wakuti chikoka cha woipa sichidalira chiphunzitso cha Gehena uli pafupi. Chipembedzo cha makolo a Achewa chinalibe malo a moto wosatha. Womwalira ankalowa m'gulu la mizimu yoyang'anira mbumba, amene sanalandiridwe kumeneko ankasanduka chiwanda chosowa pokhala, ndipo chilango cha wolakwa chinkabwera iye ali moyo, mwa matenda monga mdulo, mwa tsoka kapena mwa chiweruzo cha pabwalo. Chikhalirecho nthano za kumudzi zimapereka ulemerero kwa Kalulu, wabodza ndi waulesi, wokana kukumba nawo chitsime koma womwa madzi ake, ndipo ana amasekerera pamene iye akupusitsa Njovu ndi Fisi ngakhale akudziwa kuti Fulu amugwira. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, ali ndi zilombo zambiri zosonyeza uchidakwa, chiwerewere, umbombo ndi nkhanza, ndipo anthu amaphunzira mwambo uku akuseka, uku akuthawa. Chimene chiphunzitso cha Gehena chinawonjezera ndi kulemera kwa mlandu. Kalulu akagwidwa amalangidwa n'kudzaonekanso m'nthano ya mawa, pamene Faustus wa m'sewero la Christopher Marlowe, amene anagulitsa mzimu wake posinthana ndi zaka 24 za nzeru ndi mphamvu, akubetcha chinthu chimene sichingabwezedwe, ndipo kusabwezeka kumeneku ndiko kumamupatsa ukulu umene Kalulu alibe.

Pakati pa anthu enieni, chikhulupiriro cha kumwamba ndi cha Gehena siziyenda mofanana. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa 2021 anapeza kuti ku United States anthu akuluakulu 73 pa 100 alionse amakhulupirira kuti kumwamba kuliko, pamene okhulupirira Gehena ndi 62. Azim Shariff ndi Mijke Rhemtulla, atasanthula mayankho a anthu oposa 140,000 a m'mayiko 67, analemba mu 2012 kuti mayiko amene anthu ambiri amakhulupirira Gehena amakhala ndi umbanda wocheperapo, pamene kumene okhulupirira kumwamba amaposa kwambiri okhulupirira Gehena umbanda umachulukirapo. Ziwerengero zotere zimangosonyeza zinthu zoyendera limodzi, sizitsimikiza kuti chimodzi chimabala chinzake, ndipo sizinena kanthu pa funso lakuti Gehena iliko kapena kulibe, limene kafukufuku sangaliyeze. Chimene ziwerengero sizigwira, koma chimene aliyense womvetsera zokamba za anthu angachizindikire, n'chakuti ambiri amasungira kumwamba iwo eni ndi abale awo, ndipo Gehena, akaikhulupirira, amaisungira ena.

M'menemu ndi mmene muli ngozi imene siitchulidwa kawirikawiri pa guwa. Tertullian wa ku Carthage, cha m'ma 200, analemba kabuku koletsa Akhristu kupita ku masewero a Aroma, koma pomaliza anawalonjeza chionetsero choposa onsewo pa tsiku la chiweruzo, pamene adzaone mafumu, akazembe ozunza, anthu anzeru ndi ochita zisudzo akupsa, iwo n'kumakondwera. Thomas Aquinas, patapita zaka zoposa 1,000, anayesa kufewetsa ganizoli ponena kuti oyera sadzakondwera ndi ululu wa otayika pawokha, koma ndi chilungamo cha Mulungu chimene chikuonekera m'menemo, komabe kusiyanitsa kumeneku n'kosavuta pa pepala kuposa mumtima. Chisangalalo cha wodziyesa wolungama amene akuonerera wina akulangidwa n'choopsa kuposa cha wowerenga amene wachita kaso ndi Satana wa Milton, chifukwa wowerengayo amadziwa kuti ali ndi chinthu chopeka ndipo amadzikayikira, pamene woonerera chilango amakhulupirira kuti ali ku mbali ya Mulungu ndipo saona chifukwa chodziletsera.

Zotsatira zake sizithera m'mabuku. Munthu weniweni akavekedwa nkhope ya mpangankhani woipa, n'kutchedwa mfiti, wasataniki kapena namapopa, anthu amene tsiku lililonse amakhala mwamtendere ndi anansi awo amatola miyala ndi zibonga. Ku Neno, mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kumwera monga Mulanje ndi Phalombe, zonsezi zikuchitika m'dziko limene lamulo lake la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pa milandu iwiriyi, wa kusirira woipa wopeka ndi wa kupeka woipa mwa munthu weniweni, wachiwiriwu ndiwo uli ndi manda oti munthu angawaloze, ndipo ndiwo umene abusa, ansembe, mashehe ndi aphunzitsi ayenera kuyamba nawo.